Chipewa cha nthenga: Ulemu kwa wovala, nanga kwa mbalame?

Aliyense amene adayendapo pamsewu wochoka pa Mangochi boma kulowera ku Monkey Bay amazidziwa zipewa za mlaza. Zimakhala zili lendelende m'mitengo ya m'mbali mwa msewu pamodzi ndi madengu, mikeka ndi tigalimoto toluka, kudikira alendo opita kunyanja. Ntchito ya chipewa chotere ndi imodzi basi, kutchinga dzuwa la ku Mangochi lomwe silinyengerera munthu.

Koma munthu akangotsomekapo nthenga imodzi yaitali, chipewa chomwe chija chimasintha dzina. Wovalayo sakhalanso msodzi wothawa dzuwa. Wasanduka mfumu, mkulu wa asilikali, kapena mwana wa bwana wa ku Ulaya wa zaka 500 zapitazo.

N'chifukwa chake nthenga zimafunidwa ku Nkhudzi ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja. Magulu ovina omwe amasangalatsa alendo m'malo ogona amazifuna. Ana asukulu okonzekera zisudzo nawo amazifuna. Ndipo mafunso awiri amatsala osafunsidwa: kodi nthengayo yachokera pa mbalame yanji, nanga munthu yemwe akumuyerekezayo ankavaladi chotero?

Tiyambire m'kalasi. Kwa zaka zambiri sewero la Romeo and Juliet lidali m'gulu la mabuku olembera mayeso a Fomu 4, kotero makolo ambiri omwe lero ali ndi ana kusekondale amalikumbukira. M'chaka cha 2016, pomwe padakwana zaka 400 chimwalirireni mlembi wake William Shakespeare, seweroli lidaseweredwa m'Chichewa atalimasulira Stanley Onjezani Kenani. Nkhani yake imachitikira mumzinda wa Verona ku Italy, m'nyengo yomwe azungu amaitcha Renaissance, kuyambira cha m'ma 1400 mpaka cha m'ma 1600. Mphunzitsi yemwe akufuna kuti Romeo wake aoneke ngati mnyamata wa nthawi imeneyo sangachitire mwina, ayenera kupeza chipewa cha nthenga.

Chipewa chake sichidali chachitali. Chidali chophwatalala ngati chitumbuwa, chosokedwa ndi nsalu yofewa ya veleveti kapena ya ubweya wa nkhosa, chokhala ndi mlomo waung'ono kuzungulira mutu. Anthu olemera ankachikongoletsa ndi timabatani tagolide ndi miyala yonyezimira, kenako n'kugoneka nthenga ya nthiwatiwa m'mphepete mwake. Chithunzi chotchuka cha Mfumu Henry VIII ya ku England, yomwe idalamulira kuyambira 1509 mpaka 1547, chimaonetsa zimenezi. Katswiri wojambula Hans Holbein adaijambula mfumuyi itaima chotang'adza, chipewa chakuda chili chopendekera, nthenga yoyera itazungulira pamwamba.

Omwe adafika nazo pena ndi asilikali aganyu a ku Germany otchedwa Landsknecht. Awa ankamenya nkhondo m'malo mwa mfumu iliyonse yomwe yawalipira, ndipo ndalama zawo zambiri zinkathera m'zovala. Malaya awo ankawang'amba dala timizere kuti nsalu yamkati yamtundu wina izionekera, ndipo pachipewa sankaikapo nthenga imodzi ayi, koma mtolo wonse, zofiira, zachikasu ndi zoyera. Tinene kuti adali anyamata a matama a nthawi yawo, odziwa kuti mawa akhoza kufa.

Nthenga idalinso ndi ntchito kunkhondo. Pankhondo ya ku Ivry m'chaka cha 1590, Mfumu Henry IV ya ku France idauza asilikali ake kuti akasokonezeka azitsatira nthenga yoyera ya pachisoti chake. M'fumbi ndi utsi wa mfuti, nthenga ndiyo inkasonyeza komwe kuli mtsogoleri.

Chodabwitsa n'chakuti ku Ulaya kulibe nthiwatiwa. Nthenga zomwe mafumuwo ankanyadira zinkachokera kuno ku Africa komanso ku Arabia. Alenje ankapha mbalamezi m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, nthenga zake n'kuyenda pangamila mpaka kumadoko monga Tripoli, kenako pachombo kupita ku Venice ndi mizinda ina. Kumeneko kudali amisiri omwe ntchito yawo idali ya nthenga zokhazokha. Ankazitsuka, kuzinyika mu utoto, kusokerera ziwiri kapena zitatu pamodzi kuti zioneke zonenepa, kenako n'kuzipotokola ndi mpeni wobuntha. Pofika pamutu pa munthu, nthenga imodzi idali itadutsa m'manja ambiri, ndipo mtengo wake munthu wamba sakadaukwanitsa.

Ndipotu munthu wamba sankangovala chomwe wafuna. M'chaka cha 1571 boma la England lidakhazikitsa lamulo loti mwamuna aliyense wopitirira zaka 6, kupatula a m'mabanja apamwamba, azivala chisoti cha ubweya cholukidwa m'dzikolo Lamulungu lililonse ndi masiku a tchuthi. Wophwanya lamuloli ankalipira chindapusa. Cholinga chidali kuteteza malonda a oluka zisoti, koma zotsatira zake n'zakuti munthu ankadziwika udindo wake pongomuyang'ana kumutu. Lamuloli adalichotsa mu 1597. Choncho sewero lomwe wantchito wa m'nyumba ya Capulet watuluka ndi nthenga yaitali kuposa ya bwana wake laphonya, ngakhale oonerera aombe m'manja.

Akatolika omwe amaonera mapemphero a ku Vatican pawailesi yakanema amachiona chovala cha nyengoyi chikadali chamoyo. Asilikali olondera Papa, omwe gulu lawo lidayamba mu 1506, amavala zisoti zachitsulo zokhala ndi nthenga za nthiwatiwa pamwamba. Komabe yunifolomu yawo yamizeremizere ija siyakale monga ambiri amaganizira. Adaikonza mu 1914 mkulu wawo Jules Repond, atafufuza zithunzi zakale. Nawonso, tinene, amavala chovala chokumbutsa mbiri.

Kuno kwathu nthenga ya mzungu idafika ndi atsamunda. Pamiyambo ikuluikulu bwanamkubwa ankavala yunifolomu yokhala ndi chipewa chomwe pamwamba pake pankagwa nthenga zoyera za mbalame ya m'madzi yonga tsekwe. Mphepo ikaomba nthengazo zinkavina, ndipo anthu ankadziwa kuti uyo ndiye woimira mfumu ya ku Mangalande. Bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland adali Sir Glyn Jones, yemwe adapereka dziko pa 6 July 1964. Mwambo wa chipewachi udapitirira m'maiko ena, ngakhale Chris Patten, popita kukalamulira Hong Kong mu 1992, adakana kuchivala.

Koma ena adachitenga n'kuchisandutsa chawo. Ku Zambia, pamwambo wa Kuomboka, mfumu ya Alozi yomwe amaitcha Litunga imakwera bwato la Nalikwanda itavala zachikhalidwe, koma potsika imakhala itavala yunifolomu yonga ya mkulu wa asilikali a pamadzi a ku Britain, chipewa cha nthenga chili kumutu. Mwambowu udayamba ndi Mfumu Lewanika yomwe idapita ku London mu 1902 kukaonerera kulongedwa ufumu kwa Edward VII. Lero palibe Mlozi yemwe angavomere kuti chovalacho n'chachilendo.

Zofanana ndi zimenezi zidachitika pagombe lomwe lino ndi gule wa Beni. Guleyu adayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere monga Lamu ndi Mombasa cha m'ma 1890, ndipo dzina lake lidachokera ku bandi ya asilikali. Magulu ake ankapikisana, ena akudzitcha Kingi, ena Scotchi, kwina Marini ndi Arinoti. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo adamufalitsa, ndipo adamera mizu pakati pa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba. Katswiri wa mbiri Terence Ranger adalemba buku lonse la guleyu mu 1975.

Ku Mangochi nkhondoyo siidali yongomva. Mfuti yomwe ili pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria pa boma idachokera m'sitima ya Guendolen, yomwe mu August 1914 idakaphwanya sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja. Anthu a kuno adawaona asilikali akuguba, adawaona maofesala akudzikuza, ndipo adazitenga zonsezo n'kuziika m'bwalo la gule. Ovina Beni amavala zonga za asilikali, ali ndi maudindo awo, wenzulo ndi nyota za pachifuwa. Ena amati n'kutsanzira mzungu, ena amati n'kumuseka. Mwina n'zonse ziwiri, pakuti wovina wodziwa amatha kupereka sawatcha m'njira yoti bwalo lonse life ndi phwete.

Komatu si mzungu adaphunzitsa anthu akuda kuvala nthenga. Angoni adabwera nazo kuchokera kum'mwera. Gulu la Zwangendaba lidaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku lomwe kudachita kadamsana, pomwe Angoni a kwa Maseko adadzera njira yawo, kuzungulira kum'mwera kwa nyanja ino mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, asadabwerere kudzakhazikika kumapiri a Domwe. Chisoti cha nthenga chomwe mwamuna amavala povina ngoma chimatchedwa nyoni, liwu lomwe m'Chingoni limatanthauza mbalame. Yemwe adafikako ku Umhlangano, womwe umachitikira pa Nkolimbo m'boma la Ntcheu pomwe padagona Inkosi Gomani Chikuse yemwe atsamunda adamupha mu 1896, amadziwa momwe nyoni zimagwedezekera madoda akamaponda pansi. Zimaonekanso ku Umthetho kwa Hora ku Mzimba ndi ku Ncwala kwa Mtenguleni ku Chipata.

Kumene Angoni adachokera, nthenga idali ngati nyota za msilikali. Azungu oyamba kumuona Shaka adalemba kuti ankatsomeka kumutu nthenga imodzi yaitali ya mbalame yomwe Azulu amati indwa. Ku Eswatini mpaka lero nthenga zofiira za mbalame ya ligwalagwala zimasonyeza a kubanja lachifumu. Mfumu ya ku England ndi mfumu ya Azulu sadaonanepo, ndipo adasiyana zaka pafupifupi 300, koma onse adagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti si mutu uliwonse woyenera nthenga iliyonse.

Achewa nawo ali ndi zawo. Kapoli akamatuluka kudambwe, kumutu kumakhala nthenga zokhazokha. Kumalo osungirako zachikhalidwe a Kungoni ku Mua, omwe adayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, kuli zipinda zitatu za Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo munthu akazungulira zonse amaona yekha kusiyana kwa kavalidwe ka mitunduyi. Kuchokera ku Nkhudzi kudzera msewu wa Golomoti ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwera, ndipo sukulu yomwe ikukonza sewero la mbiri ingapindule kwambiri kupitako isadayambe kusoka.

Izi zikunenedwa chifukwa pali chizolowezi china chomwe chimakhumudwitsa. Ana akamasewera nkhani ya kale, aliyense wotchedwa mfumu amamuveka nthenga ndi chikopa, kaya ndi wa mtundu wanji. Koma mafumu a Chiyao a m'mbali mwa nyanja ino monga Mponda ndi Makanjira, omwe ankachita malonda ndi amalonda ochokera ku Kilwa ndi Zanzibar, adatengera kavalidwe ka kumeneko, nsalu zazitali, mikanjo ndi nduwira. Kumuveka Makanjira nyoni kuli ngati kumuveka shehe kolala ya abusa. Chimodzimodzi David Livingstone, yemwe adafika panyanjayi mu September 1859. Ambiri amamuveka chisoti cholimba chija cha atsamunda, pomwe mwini wake ankadziwika ndi kapusi yokhala ndi mzere wagolide. Nthenga padalibe.

Magulu ovinira alendo nawo amagwa m'mbuna yomweyi. Poganiza kuti mzungu akufuna kuona zodabwitsa, amasakaniza nyoni ya Mngoni, malaya a Beni ndi mikanda ya kwina, n'kuti ndicho chikhalidwe cha ku Mangochi. Mlendo amajambula, amapereka kangachepe n'kumapita, koma mwana wa pamudzi yemwe amaonerera kumpanda amakula akudziwa kuti makolo ake ankavala chotero.

Tsono nkhani ya mbalame. Dziko lapansi lidaphunzirapo kale kuti fasho ya nthenga ikhoza kupulula zolengedwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 amayi a ku London, Paris ndi New York adapenga ndi zipewa za nthenga, ndipo imodzi mwa mbalame zomwe zidavutika kwambiri ndi kakowa, yemweyu amayenda pambuyo pa ng'ombe ndi m'mabango a ku Nkhudzi. Nthenga zake zokongola zimamera nthawi yoswa, kotero alenje ankaombera makolo pazisa, anapiye n'kufa ndi njala. Mtengo wa nthengazo udafika popikisana ndi wa golide. Adali amayi anzawo omwe adati zakwana. Mu 1889 Emily Williamson adayambitsa bungwe ku Manchester lomwe lidadzakhala RSPB, ndipo mu 1921 dziko la Britain lidakhazikitsa lamulo loletsa kuitanitsa nthenga za mbalame zakutchire.

Nthiwatiwa idapulumuka chifukwa anthu adayamba kuiweta. M'tauni ya Oudtshoorn ku South Africa alimi ankadula nthenga mbalame ili moyo, zina n'kumeranso. Nkhondo ya 1914 isadayambe, nthenga zidali pa nambala 4 pa katundu yemwe dzikolo linkagulitsa kunja, pambuyo pa golide, dayamondi ndi ubweya wa nkhosa. Kenako msika udagwa tsiku limodzi ngati nyumba ya zidina. Nkhondo idabwera, komanso kudabwera galimoto zopanda denga, ndipo mayi sakadathanso kukhala m'galimoto yothamanga ndi chipewa chachikulu ngati lichero. Alimi ambiri adasauka, nyumba zawo zikuluzikulu n'kutsala ngati chikumbutso.

Ku Malawi kulibe nthiwatiwa zakutchire, kotero wofuna nthenga yaitali maso ake amagwera pa zomwe zili pafupi. Ku Nkhudzi zomwe zili pafupi ndi nkhwazi, akakowa ndi mbalame zina za m'madzi. Mphunzitsi akangouza ana kuti mawa aliyense abwere ndi nthenga, osanena za mbalame yanji, wawatuma kukatenga legeni ndi ulimbo.

Apa m'pomwe pali ngozi. Phiri la Nkhudzi ndi gawo la Lake Malawi National Park, malo otetezedwa omwe adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kupha mbalame m'menemo ndi mlandu. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992 adalikhwimitsa mu 2017, ndipo pamilandu ikuluikulu chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Kusunga ziwalo za nyama yotetezedwa popanda chilolezo nakonso kumamangitsa. Ndiponso nkhwazi si mbalame wamba. Ndiyo ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi, ndipo alendo omwe amalipira bwato kuti akaione ikuwakha nsomba pamadzi ndi omwewo amabweretsa ndalama kwa ovina. Nkhwazi imaikira mazira awiri kapena atatu okha pachaka, kotero imodzi ikaphedwa simalowedwa m'malo msanga ngati nkhuku.

Anthu ena adapeza kale njira yosungira mwambo popanda kutha nyama. Ku South Africa mpingo wa Shembe, womwe amuna ake amavala zikopa za kambuku popemphera, udagwirizana ndi bungwe la Panthera mu 2013 kuyamba kuvala zikopa zopanga pafakitale. Mu 2019 a kunyumba yachifumu ya Alozi adachitanso chimodzimodzi pa Kuomboka. Ali chapatali munthu sangasiyanitse, ndipo mwambo sudachepe mphamvu.

Pankhani ya nthenga n'kosavuta kuposa pamenepo, chifukwa khola lili kuseri kwa nyumba. Nthenga za kumchira kwa tambala n'zazitali, zopindika bwino ndipo zimanyezimira padzuwa. Za nkhanga yoweta zili ndi madontho omwe utoto sungapange. Za bakha ndi nkhuku yoyera zimamwa utoto wa nsalu mosavuta, pomwe za nkhukundembo n'zotambalala. M'masitolo ena mumapezekanso zopukutira fumbi za nthenga, ndipo chimodzi chikamasulidwa chimakwanira zipewa zingapo. Za kadzidzi zokha n'zomwe palibe angazifune, pazifukwa zomwe aliyense akuzidziwa.

Chenjezo n'lakuti nthenga za nkhuku yofa ndi chitopa zisatoledwe. Kachilombo ka matendawa kamayenda ndi nthenga ndi zitosi, ndipo mwana wonyamula nthenga zotere kupita nazo kusukulu akhoza kupululitsa makola a mudzi wina.

Kasokedwe ka chipewa cha Romeo sikovuta kwa telala wa pakhonde. Pamafunika nsalu yolemera, ndipo katani yakale ya veleveti kapena siketi ya pakaunjika imachita bwino. Amadula chozungulira chachikulu cha masentimita 40 kapena 45 kupingasa, n'kuchikwinya m'mphepete mpaka chilingane ndi mutu wa wovala, womwe kwa munthu wamkulu umazungulira masentimita pakati pa 55 ndi 58. Mlomo wake ndi nsalu ziwiri zozungulira zoboola pakati, zolimbitsidwa ndi katoni mkati. Akalumikiza ziwirizi, chipewa chatha. Cha msilikali wa Landsknecht chimafuna mlomo waukulu, ndipo apa chipewa cha mlaza chija chikakutidwa ndi nsalu chimagwira ntchito.

Nthenga zimayamba zatsukidwa m'madzi ofunda a sopo, n'kuyanikidwa pamthunzi. Zikauma zimaoneka zofota, koma kuziyandikiza ku nthunzi ya ketulo zimatukumukanso. Pofuna kuti zikhale zonenepa ngati za nthiwatiwa, amasanjikiza zitatu n'kusokerera misana yake pamodzi ndi ulusi, monga ankachitira amisiri a ku Venice aja, kenako amakoka tsitsi lake pakati pa chala chachikulu ndi kuseri kwa mpeni kuti lipotane. Potsomeka, nthenga isaime njo ngati mlongoti. Igone chopendekera kumbuyo, ndipo tsinde lake libisike ndi batani lonyezimira.

Mdani wotsala ndi njenjete ndi chinyezi cha kunyanja. Sewero likatha, nthenga zichotsedwe pachipewa, zikulungidwe m'pepala louma n'kuikidwa m'katoni pamodzi ndi masamba ouma a nimu. Zikasungidwa chotero zimafika chaka chamawa, ndipo zoperewera zingatoledwe pa Khirisimasi kapena pa Idi, masiku omwe atambala ambiri ku Mangochi amataya michira yawo kudzala.